Chiperoni sichipha munthu, ndinatero ine

Mayi wina wogulitsa kabichi pa Bvumbwe anatiyang'ana kwa nthawi yaitali titaima m'mbali mwa msewu, madzi ali chuchuchu m'zipewa zathu, kenaka anafunsa mnzake mokweza kuti tonse timve: "Kodi amenewa alakwanji?" Mnzakeyo anati mwina ndi mpikisano, kutsogoloku kuli ndalama. Atcheya athu anawafotokozera mwaulemu kuti mpikisano palibe, tikungopita ku Mulanje kukazungulira phiri, ndipo ndalama za ulendowu tachita kusonkha tokha. Mayi uja anakokera chitenje kumutu nati, "Minibasi zilipo, bambo." Apo n'kuti 8 koloko isanakwane, ku Thyolo kukadali patsogolo.

Tinali anthu 11, akazi atatu mwa ife. Gulu lathu limakumana Loweruka lililonse m'bandakucha pafupi ndi Kamuzu Stadium, ndipo ambiri tinayamba kupalasa pa zifukwa zosanyaditsa. Ine adokotala anandiopseza ndi BP, ndipo inali nthawi yomwe tinkagona m'galimoto pa mizere ya mafuta, ndiye ndinagula njinga yamagiya yogwirapo kale ntchito ku Limbe n'kuyamba kupita nayo ku ofesi kuchokera ku Chilomoni. Wopalasa njinga mu Blantyre sasankha, chitunda chimamupeza. Mzinda unakhala pakati pa Ndirande, Soche ndi Michiru, ndipo paliponse pomwe watsetsereka m'mawa udzapakwera madzulo. Mayeso a gulu lathu ndi Thabwa: kutsika mpaka pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, kumwa madzi, n'kukweranso mtunda wonse uja dzuwa lakuchigwa likukuwotcha pamsana. Titaukwera katatu tinayamba kudzimva, ndipo pomwepo panabadwa maganizo a ku Mulanje.

Tinagwirizana masiku atatu pa holide ya 6 Julaye. Tsiku loyamba kudzera ku Thyolo ndi Luchenza kukagona ku Likhubula. Lachiwiri kuzungulira phiri: ku Phalombe, kukwera pa mpata wa Fort Lister, kutsikira ku Nkhulambe, kutulukira ku Muloza n'kubwerera kudzera pa boma. Lachitatu kubwera kwathu pa msewu wa Midima. A zanyengo analengeza sabata yomweyo kuti kubwera chiperoni. Uthengawo wina anauponya pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo yankho loyamba linali langa, kachithunzi koseka.

Aliyense wokulira ku Blantyre amachidziwa chiperoni, n'chifukwa chake timachiderera. Si mvula yeniyeni. Ilibe ziphaliwali, ilibe mabingu, siithamangitsa munthu pamsewu. Mphepo yochokera kumwera chakum'mawa imatenga chinyontho ku nyanja ya Indian, n'kudutsa nacho Mozambique, komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapatsa nyengoyi dzina. Ikafika ku mapiri athu imakakamizika kukwera, imazizira, ndipo chinyontho chija chimasanduka nkhungu ndi mvula yowaza yomwe ingathe masiku atatu kapena anayi osaleka. M'tauni chiperoni chimatanthauza juzi, tiyi ndi zovala zosauma pachingwe. Ku Thyolo ndi ku Mulanje ndi chomwe chimasunga masamba a tiyi obiriwira pakati pa chilimwe, pomwe kwina konse udzu wauma. Panjinga ndi chinthu china chomwe ndinali ndisanakumane nacho.

Choyamba chimakulanda maso. Titadutsa pa Bvumbwe nkhungu inatsika mpaka mnzako wa patsogolo umangomuona ngati chithunzithunzi, ndipo malole amangotulukira poteropo nyali zili psuu. Chachiwiri chimakulanda mabuleki. Njinga zambiri m'gulu lathu n'zamabuleki ogwira pa limu, ndipo limu likanyowa labala imayamba yapukuta madzi isanagwire, ndiye umafinya n'kudikira, mtima uli m'mwamba, njinga ikupitabe. Pamtunda thupi limatentha, thukuta limanyowetsa malaya m'kati pomwe mvula ikunyowetsa kunja. Pamatsitso ndi pomwe chisanu chimakugwira bwino, chifukwa miyendo siikugwira ntchito ndipo mphepo ikudutsa m'nsalu yonyowa. Pofika m'minda ya tiyi ya ku Thyolo zala zanga zinali zitakana kusintha giya, ndinkakankha ndi chikhatho.

Za minda ya tiyiyo ndinene zoona, kukongola kwake tinakuona pang'ono chabe. Mizere iwiri kapena itatu yoyandikana ndi msewu, kenaka kuyera kokhakokha. M'kuyeramo munali anthu. Unkamva mawu awo usanawaone, atavala mapepala a pulasitiki m'chiuno, madengu kumsana, akuthyola masamba ngati kunja kuli bwinobwino. Tiyi wakhala m'dera limeneli kuyambira m'ma 1890, ndipo ena mwa ma esiteti omwe timadutsa, monga Satemwa, ali ndi zaka zoposa 100. Tinadutsanso ogulitsa makala akukankha njinga zawo kulowera komwe ife tinkachokera, matumba atatu kapena anayi pa keliyala, opanda magiya, ena mabuleki awo ndi chidendene cha patapata. Tinkapatsana moni. Mmodzi anandifunsa ngati chipewa changa chimateteza mvula, ndipo ndinachita kuvomera kuti chili ndi mabowo.

Nzeru yoyamba yothandiza pa ulendowu tinaipeza pa Luchenza, m'kanyumba ka tiyi momwe tinalowa tonse 11 n'kudzaza madzi pansi. Anyamata a kabaza anali atazungulira mbaula, ndipo anatisendera malo osafunsa. Mmodzi anayang'ana jekete langa lomwe ndinagula modula, analigwira ndi zala ziwiri, n'kunena kuti, "Madala, izi n'zapachithunzi." Anatiuza kuti tigule majumbo, tivale kumapazi pamwamba pa sokosi tisanavale nsapato, ndipo pachifuwa tilowetse nyuzipepala kapena katoni m'kati mwa malaya. Tinaseka, koma tinachita. Makilomita otsala kudzera pa Chonde mpaka pa Chitakale ndinawayenda ndi katoni ya sopo pamtima, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokere ku Limbe mano anasiya kugundana.

Phiri la Mulanje munthu amaliona ali kutali kwambiri, tsiku lowala ngakhale uli ku Bangwe. Ife tinafika mpaka pansi pake osaliona. Ku Likhubula mlonda wa pomwe tinagona anatilozera m'mwamba nati nsonga ya Chambe ili apo, ndipo tinayang'ana pomwe analozapo n'kuona nkhungu. Sapitwa ndi mamita 3,002 ake ndiye osanena. Tinkangomva madzi. Mtsinje wa Likhubula unkalindima mumdima, ndipo timitsinje tina tosawerengeka tinkatsika paliponse m'matanthwe omwe sitinkawaona.

Apa ndiyenera kunena za munthu yemwe tonse timangomutchula kuti Amakanika. Ndi wamkulu kwa ine pang'ono, amakonza njinga pansi pa mtengo wina ku Zingwangwa, ndipo analowa m'gulu lathu chifukwa tinkamupititsira njinga zathu mpaka tsiku lina anati atiperekeze. Salipira chosonkha, malipiro ake ndi sipanala. Amakhala ku Chilobwe. Usiku womwe namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, mu Malichi 2023, nyumba yake inatsala, koma ya mlongo wake, yomwe inali kumtunda pang'ono, inapita ndi mayiyo ndi ana ake awiri. Tonse m'gulu tinkadziwa. Tinasonkha chipepeso, ena tinapita kukakhala nawo pa siwa, kenaka Loweruka linabweranso, tinayambanso kupalasa, iye anabweranso ndi sipanala yake, ndipo nkhaniyo sitinaikambenso.

Usiku umenewo ndinadzuka cha m'ma 2 koloko n'kupeza bedi lake lili lokha. Anali pakhonde, atavala nsapato, chikwama chili pamiyendo. Ndinamufunsa ngati akudwala. Anati ayi. Patapita kanthawi anati, "Ine mvula ikamagwa phiri lili kumutu kwanga sindigona, achimwene. Ndimamvetsera." Ndinamuuza kuti ayesetse kupumula chifukwa mawa ulendo ndi wautali, n'kubwerera kukagona. Ndi zokhazo zomwe ndinapeza zonena.

Kutacha chiperoni chinali chitakhwima. Tikudya mbatata ndi tiyi, Amakanika anati iwo pa mpata wa Fort Lister sadutsa, ndipo akanakonda tonse tisadutse. Mlongo wathu wina yemwe ndi namwino, timati Anesi, anagwirizana nawo, koma pa chifukwa china: zovala za dzulo sizinaume, ndipo anthu atatu anali akutsokomola kale. Atcheya anali pakati. Ine ndinali nditalipira malo ogona, nditapempha tchuthi, nditauza anthu onse a ku ofesi kuti ndikukazungulira Mulanje, ndipo sindinkafuna kubwerera Lachiwiri n'kukanena kuti tinagonja ndi mvula yowaza. Ndinalankhula zambiri. Ndinati uno ndi Julaye, si Malichi. Ndinati Freddy inali mvula ya masiku angapo yokhuthuka ngati ndowa, pomwe iyi siingadzaze ndi beseni lomwe. Zonsezi zinali zoona. Kenaka ndinatembenukira kwa Amakanika, pamaso pa anthu onse, n'kunena kuti, "Achimwene, chiperoni sichipha munthu."

Sanayankhe. Anatenga kabotolo ka oyilo n'kuyamba kudontheza pa tcheni cha njinga iliyonse ya omwe tinkapita, imodziimodzi, yanga yomwe. Tinanyamuka anthu 7.

Mpaka ku Phalombe zinayenda. Msewu ndi watara, wopanda zitunda zoopsa, ndipo ndinayamba kudziona wolondola. Zinasintha titasiya tara n'kulowa msewu wafumbi wokwera pakati pa Mulanje ndi Michesi. Fumbi lake linali litasanduka phala lofiira lomata. Dothi lotere silikugwetsa msanga, limayamba lakulemeretsa. Limamatirira ku tayala, tayala limalinyamula n'kukalipanikiza pa foloko ndi pa mabuleki, mpaka gudumu limaima nji. Umatsika, umatola kamtengo, umakokota, umayenda mamita 50, laimanso. Ana a m'midzi ya m'mbali anatitsatira, aliyense ndi kamtengo kake, ndipo kunena zoona popanda iwo sitikanafika ndi theka lomwe. Walira mvula walira matope, anatero Atcheya, ndipo palibe anaseka.

Mpatawu uli ndi mbiri yake. Inali njira ya ogula akapolo popita nawo kunyanja, ndipo linga la Fort Lister atsamunda analimanga mu 1893 kuti atseke njirayo. Ndinali nditakonzekera kukafotokozera anzanga zimenezi titafika pamwamba, mwina n'kujambulitsa. Koma mbiri yomwe inatipeza inali ina. Tinafika pamalo pomwe msewu umadutsa khwawa, ndipo khwawalo linali lalikulu mosagwirizana ndi timadzi tomwe tinkayendamo. M'kati mwake ndi m'mbali monse munali miyala, ina yaikulu ngati minibasi, itangoti mbwee ngati wina anaikhuthula. Pamenepo tinapeza agogo ena aamuna atafunda thumba la feteleza, akuchokera ku dimba. Anatithandiza kuwolotsa njinga, kenaka poti tinaima kuti tipume, anayamba kutilozera ndi ndodo.

"Uwo wakudawo, wa ndere uwo, ndi wakale, unabwera 1991. Awa oyerawa ndi a Freddy. Apa panali nyumba. Apo panali nthochi zanga."

Ankaitchula miyala ngati mmene munthu amatchulira ana a m'mudzi, uyu wa uje, uyu wa uje. Za 1991 ndinkazidziwa, ndinali mwana pomwe wailesi inkalengeza kuti phiri la Michesi lagumuka n'kukokolola anthu ku Phalombe, ndipo akuluakulu kwathu ankati wadutsa Napolo, monga anadutsira ku Zomba mu 1946. Kusukulu anatiphunzitsa kuti Napolo kulibe. Dothi la pamalo otsetsereka likamwa madzi masiku ambiri limalemera, limaleka kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, ndipo tsiku lina limangonyamuka lonse ndi miyala ndi mitengo yomwe. Ndimakhulupirira zimenezo. Koma nditaima m'khwawa lija, nkhungu itatseka mbali zonse, madzi akumveka kumtunda komwe sindinkakuona, ndinamvetsa chifukwa chake makolo anachipatsa dzina ngati chamoyo. Ndinapezeka kuti nanenso ndikumvetsera.

Freddy anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno, ndipo kuseri kwa mpata womwe tinkakwerawo, ku Nkhulambe, anakokolola ndi chipatala chomwe. Ife a m'tauni tinafulumira kupeza olakwa. Tinati anthu anamanga m'phiri, anthu anadula mitengo ya pa Soche. N'zoona kuti anamanga ndipo anadula. Koma munthu sakwera phiri ndi banja lake chifukwa chokonda mphepo, amakwera chifukwa lendi ya kumunsi yamukana. Ndipo makala omwe anyamata aja ankakankha pa Thyolo ankapita kwa ine ndemwe, chifukwa magetsi akazima kwathu mbaula imayaka ngati kwa wina aliyense. Izi sindinaziganize ndili m'khwawamo, ndaziganiza pambuyo pake. M'khwawamo ndinkangoganiza za munthu atakhala pakhonde 2 koloko usiku atavala nsapato.

Sitinafike pamwamba. Nthawi inali itadutsa 1 koloko, ndipo agogo aja anatiuza mosapita m'mbali kuti kutsikira ku Nkhulambe n'koterera kuposa komwe tadutsa, tikafika usiku ngati tikafike. Atcheya anati tibwerere, ndipo ulendo uno sindinatsegule pakamwa.

Potsika ndi pomwe chinachitika chomwe Anesi ankaopa. M'gulu lathu muli mnyamata wa ku yunivesite, wamphamvu kuposa tonse, amene amakwera Thabwa akuimba. Iye anakana katoni pa Luchenza, ndipo tsikulo anavala tisheti ya thonje ndi kajekete kopyapyala. Thonje likanyowa limasunga madzi pakhungu. Pokwera sanamve kanthu. Potsika anayamba kutsalira, zomwe sanachitepo, kenaka anagwa pamalo popanda chogwetsa. Titamudzutsa ankanjenjemera thupi lonse, milomo itachita bii, ndipo poyankha ankakoka mawu ngati waledzera. Ankaumirira kuti ali bwino, akungofuna kukhala pansi pang'ono. Anesi anali atatsala ku Likhubula. Tinawaimbira, mwamwayi netiweki inagwira, ndipo anatiuza mwachangu: mumuvule zonyowazo, mumufunditse chouma chilichonse, mumupatse chotentha cha shuga ngati akutha kumeza, musamusiye agone panja.

Chouma tinalibe. Tinagogoda pa nyumba yoyamba yomwe tinaiona. Mayi wa pamenepo sanafunse kuti ndife ndani. Anayang'ana mnyamatayo, anakuwira mwana wake kuti akoleze moto, anatulutsa bulangete ndi juzi la amuna awo, ndipo pasanathe mphindi zingapo mwana wa eni ake wa ku yunivesite anali atakhala pa mphasa m'khitchini yofuka utsi akumwa phala la mgaiwa lothira shuga wambiri. "Mwanangu, imwa, usachite manyazi," ankatero. Patapita ola anayamba kulankhula zomveka, ndipo chinthu choyamba chomwe anafunsa chinali njinga yake. Titafuna kusiya kangachepe mayi aja anakana kawiri, kachitatu anati tiwapatse ana agulire makope.

Kunja kukuda tinamva kulira kwa galimoto kumunsi, pomwe matope amayambira. Inali lole yaing'ono yonyamula nanazi, ndipo kumbuyo kwake kunali Anesi ndi mabulangete a komwe tinagona, ndi Amakanika. Iwowo ndi amene anayenda wapansi mpaka pamsewu kukaipeza, n'kunenerera mtengo, n'kukwera kubwera pansi pa mapiri awiri omwe m'mawa anakana kuwayandikira, mvula ikugwabe. Ndinkayembekeza mawu, ndipo ndinali nditakonzeka kuwalandira. Anatsika, anayang'ana mnyamata uja, anayang'ana njinga zathu zitasanduka zibuma, anagwira tcheni changa n'kupukusa mutu. "Oyilo yense uja," anatero. Kenaka anayamba kukweza njinga.

Tsiku lachitatu mvula inaleka koma mitambo inakhalabe. Mnyamata uja ndi ena awiri anakwera minibasi pa Chitakale, monga mayi wa pa Bvumbwe analangizira. Otsalafe tinatenga msewu wa Midima mwakachetechete. Titadutsa pa Nkando wina anakuwa kuti titembenuke. Mitambo inali itang'ambika pang'ono, ndipo mmenemo munaoneka thanthwe lalitali lakuda, lonyezimira ndi madzi, m'mwamba kwambiri kuposa pomwe ndinkaganiza kuti phiri lingafike. M'mbali mwake munali mizere yofiirira yotsika mpaka pansi, momwe munadutsa miyala. Sitinachedwe, kunatsekanso.

Chitunda cholowera ku Bangwe ndinachikwera limodzi ndi Amakanika, awiriwiri kumbuyo kwa gulu. Ndinali nditakonza mawu kuyambira ku Phalombe, ndipo pamtunda wonsewo ndinkangowatembenuza m'kamwa. Tinadutsa Limbe, tinatsika, Soche anaonekera kumanzere ndi zipsera zake. Pa Kamba, pomwe iye amakhotera kwawo, tinaima. Ndinati, "Achimwene, za dzulo zija..." Anandidula.

"Mubweretse njingayo Lachitatu. Mabuleki atha, ndipo fuliwilo yamwa mchenga."

Ndinapita nayo Lachitatu. Ndinakhala pa kabenchi pansi pa mtengo uja maola awiri akuimasula, ndipo pakati pa ntchitoyo, osandiyang'ana, anayamba kundiuza za ana a mlongo wake, kuti wamkuluyo anali Sitandade 6 ndipo ankabwera Loweruka kudzamuthandiza kumata machubu.